Ntchito ya Nyimbo M'mafilimu Atatu Ojambulidwa ku Brighton

Mawu oyamba

Tikamaphunzira zolemba timauzidwa kuti malo ochitikira nkhani si chokongoletsera chabe ayi, koma amathandiza kumanga nkhaniyo. M'buku malowa amatifikira kudzera m'mawu a mlembi. Mufilimu zinthu zimasiyana pang'ono, chifukwa malo timawaona ndi maso kwinaku makutu akumva zina. Funso limene nkhani ino ikufuna kuyankha ndi lakuti: pakati pa diso ndi khutu, ndi chiti chimene chimauza woonera kuti malo awa ndi otani? Pofuna kuyankha funsoli ndasankha tauni imodzi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, ya Brighton ku England, ndi mafilimu atatu amene anajambulidwa kumeneko. Mafilimuwa ndi Brighton Rock ya 1948, Oh! What a Lovely War ya 1969 ndi Quadrophenia ya 1979.

Ganizo langa ndi lakuti m'mafilimu atatu onsewa diso limaonetsedwa pafupifupi zinthu zofanana: gombe, mafunde, mahotela ndi khamu la anthu odzasangalala. Chimene chimasiyanitsa Brighton wa mufilimu ina ndi wa mufilimu inzake ndi zimene timamva. Ndipo pa zimene timamvazo, nkhani yagona pa mfundo ziwiri: ndani akumva nyimboyo, ndipo kodi chuni chake chikugwirizana ndi mawu ake kapena chikuwatsutsa?

Tauni ya Brighton

Brighton ali kummwera kwa England, m'mphepete mwa nyanja yolekanitsa dzikoli ndi France. Kuchokera ku London ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pasitima. Poyamba anali mudzi wa asodzi. Cha m'ma 1750 dokotala wina, Richard Russell, anafalitsa ganizo lakuti kusamba ndi kumwa madzi a m'nyanja yamchere kumachiritsa matenda, ndipo anthu olemera anayamba kukhamukira kumeneko. Mwana wa mfumu amene pambuyo pake anadzakhala George IV anamangitsako nyumba yachifumu yotchedwa Royal Pavilion. Koma chimene chinasinthiratu tauniyi ndi njanji yochokera ku London imene inatsegulidwa mu 1841. Kuyambira pamenepo kalaliki, wogulitsa m'sitolo ndi wogwira ntchito m'fakitale anatha kupita kunyanja m'mawa ndi kubwerera madzulo. Tikhoza kuyerekeza ndi momwe anthu a ku Lilongwe amathamangira ku Salima pa tchuthi, kungoti gombe la Brighton ndi la miyala yobulungira, osati mchenga.

Alendo oterewa amafuna zosangalatsa, ndipo zambiri mwa izo zinaikidwa pa milatho iwiri yolowa m'nyanja. Iyi si milatho yowolokera tsidya. Ndi misewu ya matabwa ndi zitsulo imene imayenda pamwamba pa madzi ndi kuthera m'nyanja momwemo. Wina ndi West Pier, umene unatsegulidwa mu 1866, ndipo winawo ndi Palace Pier wa 1899. Pamilathoyi pankakhala mabandi a malipenga, makina a masewero, nyumba za zisudzo ndi magulu a oimba ovala zoyera ndi zipewa zosongoka otchedwa ma pierrot. Kotero Brighton anali ndi nyimbo zakezake kamera isanafike: nyimbo zopepuka, zoseketsa, zoti munthu aiwale ntchito ya Lolemba. Wojambula filimu aliyense wofika m'tauniyi amapeza nyimbozi zilipo kale, ndipo ayenera kusankha chochita nazo.

Mitundu iwiri ya nyimbo za mufilimu

Akatswiri a mafilimu, monga Claudia Gorbman m'buku lake la 1987 lotchedwa Unheard Melodies, amagawa nyimbo za mufilimu pawiri. Pali nyimbo za m'kati mwa nkhani, zimene ampangankhani nawonso akuzimva chifukwa zikuchokera pa wailesi, pa galamafoni kapena pakamwa pa woimba amene ali nawo pamalopo. Palinso nyimbo za kunja kwa nkhani, zimene timamva ndife oonera tokha. Mtsikana akamalira pagombe kwinaku zing'wenyeng'wenye zikulira motsitsa, palibe amene amafunsa kuti oimbawo abisala pati. Tonse timadziwa kuti nyimboyo ndi ndemanga ya wofotokoza nkhani, ngakhale ilibe mawu.

Kusiyanaku sikwachilendo kwa munthu wodziwa nthano. Mwana wamasiye wa m'nthano akamaimba pamtsinje, nyimboyo ili m'kati mwa nkhani. Koma ife omvera tikamavomera kuti tili tonse, mawu athuwo ali kunja, ndipo mwana wamasiyeyo sakutimva. Mafilimu atatu amene tikukambawa amasewera ndi malire amenewa, iliyonse mwa njira yake.

Brighton Rock: chimbale chokandika

Filimuyi inachokera m'buku la Graham Greene la 1938, ndipo anaitsogolera ndi John Boulting. Dzina lake ndi la switi yaitali ngati ndodo imene imagulitsidwa kugombe, yomwe ili ndi dzina la tauniyo lolembedwa m'kati mwake kuyambira kumutu mpaka kumchira. Uiswe paliponse, dzinalo ulipeza. Nkhani ikuchitika m'zaka za m'ma 1930. Pinkie Brown, mnyamata wa zaka 17 yemwe mbali yake anasewera ndi Richard Attenborough, akutsogolera kagulu ka zigawenga. Iye akupha munthu wotchedwa Fred Hale m'kasitima ka masewero koopseza anthu pa Palace Pier. Mtsikana wina woperekera zakudya, Rose, akudziwa chinthu chimene chingamumangitse. Pofuna kumutseka pakamwa, Pinkie akumukwatira, poti mkazi sakanakakamizidwa kuperekera umboni wotsutsa mwamuna wake kukhoti.

Nyimbo za kunja kwa nkhani anapeka ndi Hans May, wobadwira ku Vienna, ndipo zimagwira ntchito imene nyimbo za mafilimu a nthawi imeneyo zinkagwira: kuthamanga munthu akamathawa, kukweza mawu pakakhala zoopsa. Kunena zoona sizikhalitsa m'mutu. Zimene zimakhalitsa ndi za m'kati mwa nkhani. Hale akuthawa omupha pakati pa khamu loseka, ndipo phokoso la chisangalalo ndi limene likubisa imfa yake, chifukwa pamalo pamene aliyense akukuwa mosangalala palibe amene angazindikire mkuwo weniweni. Ida Arnold, mayi amene akulimbikira kufufuza za imfayi, mufilimuyi ndi woimba wa gulu la ma pierrot pamlatho. Iye ndi Brighton wa nyimbo zopepuka uja, ndipo Pinkie amanyansidwa ndi kuseka kwake ndi kuimba kwake.

Komabe mawu ofunika kwambiri mufilimu yonseyi si nyimbo konse. Atangokwatirana, Rose akuona kachipinda kojambuliramo mawu pa chimbale, ndipo akupempha mwamuna wake kuti amujambulire kanthu koti azimvera. Pinkie akulowa, akutseka chitseko. Rose waima panja, akumuyang'ana pagalasi ndi nkhope yachimwemwe, koma sakumva kanthu. Ife tikumva zonse. Pinkie akuyamba ndi kunena kuti akudziwa kuti mkaziyo akufuna kumva mawu achikondi, kenaka akumuuza kuti zoona zake amamuda, ndi kumutukwana. Pano diso ndi khutu zapatukana poyera. Amene angaonere chithunzichi atatseka makutu aona mwamuna akujambulira mkazi wake mphatso ya ukwati.

M'buku la Greene nkhani imatha Pinkie atafa, Rose akupita kunyumba kukamvera chimbalecho koyamba, chili chonse bwinobwino. Owerenga amatseka buku akudziwa chimene chikumudikira. Mufilimu mathero anasinthidwa. Pinkie asanafe anayesa kuphwanya chimbalecho koma anangochikanda. Rose akuchiika pa galamafoni pamaso pa sisitere wina amene akumutonthoza. Singano ikuyenda, ikufika pa mawu achikondi aja, ikukodwa pokandikapo, ndi kumangobwereza mawu omwewo. Kamera ikuchoka pankhope ya Rose ndi kukaima pa mtanda uli pakhoma.

Kwa wophunzira chilankhulo chimene chachitika apa ndi nkhani ya malamulo a chiganizo. Mawu achikondiwo Pinkie anawanena m'nthambi yosaima payokha. Tiyerekeze ndi chiganizo chathu ichi: Iwe ukufuna ndinene kuti ndalakwa. Wonena chiganizochi sanavomere kulakwa, wangofotokoza chimene mnzake akufuna, ndipo kawirikawiri chotsatira chake chimakhala kukana. Koma wina akadula nthambi yoyambayo ndi kusiya mawu oti ndalakwa okha, nthambi yosaima payokha ija yasanduka chiganizo chathunthu, ndipo wokana uja wasanduka wovomera. Mawuwo ndi akedi, palibe amene wamusemera, koma tanthauzo latembenuka. Singano ya galamafoni yachita zimene atolankhani ena amachita ndi mawu a andale.

Palinso china. Mawu akabwerezedwa kambirimbiri pa liwiro lofanana amayamba kumveka ngati nyimbo. Chimbale chokandikacho chasandutsa kutukwana kwa Pinkie kukhala kanyimbo kachikondi ka mtundu womwewo umene Ida amaimba pamlatho, umene iye ankadana nawo. Ena amati mathero amenewa ndi ofewetsa nkhani kuti oonera atuluke osangalala. Greene mwini, yemwe anali mmodzi mwa olemba mawu a filimuyi, anafotokoza kuti wofuna mathero abwino awapeza, koma woganiza adziwa kuti tsiku lina Rose adzakankha singanoyo kuti idutse pokandikapo. Ine ndikuona kuti mathero a filimu ndi owawa kuposa a buku. M'buku tsoka likubwera madzulo omwewo ndipo lidutsa. Mufilimu likukhala m'kabati kudikira.

Oh! What a Lovely War: chuni chakale, mawu atsopano

Patapita zaka 21 Attenborough anabwereranso ku Brighton, ulendo uno ngati wotsogolera, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba kutsogolera. Inachokera m'sewero la 1963 la gulu la Theatre Workshop la Joan Littlewood, limene nalonso linamangidwa pa pologalamu ya pa wailesi ya BBC ya Charles Chilton yonena za nyimbo za asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918. M'sewerolo ochita zisudzo ankavala zovala za ma pierrot, kuti nkhondo ioneke ngati chisudzo cha kugombe. Attenborough anachotsa zovalazo koma anasunga ganizo lake: anatengera nkhondo yonse pa West Pier.

Zotsatira zake ndi zodabwitsa. Dzina la nkhondo lalembedwa ndi magetsi pakhomo la mlatho ngati dzina la chionetsero. Mkulu wa asilikali Douglas Haig, yemwe mbali yake anasewera ndi John Mills, akugulitsa matikiti olowera, ndipo banja la a Smith likugula mosangalala. Akuluakulu akulamula nkhondo ali pamwamba pa nsanja ya masewero otsetsereka. Chiwerengero cha akufa chikulembedwa pa bolodi la zigoli za kiriketi. Manambalawo si ongopeka ayi. Pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain 19,240 anaphedwa, ndipo pophatikiza ovulala ndi osowa chiwerengero chinafika 57,470. Zochitika za m'ngalande zobisalamo asilikali anazijambula pa malo otayirapo zinyalala kunja kwa tauniyi, ndipo ambiri mwa ochita ngati asilikali anali ophunzira a pa yunivesite ya Sussex.

Nyimbo zazikulu za mufilimuyi sizinapekedwe chifukwa cha filimu. Ndi za nthawi ya nkhondoyo, ndipo Alfred Ralston anangozikonza kuti ziimbidwe ndi bandi. Zili m'magulu awiri amene amatsatana monga momwe mtima wa anthu unasinthira. Zoyamba ndi za m'nyumba za zisudzo, zokopa anyamata kuti alembetse usilikali. Maggie Smith akuimba imodzi mwa izo ataima pansanja, akuoneka wokongola kwa amene ali patali. Anyamata akukwera pansanjapo kuti alembetse, ndipo atamuyandikira akuona nkhope yopakidwa zodzoladzola zambirimbiri, yolimba, yopanda chisoni. Nyimbo sinasinthe. Chasintha ndi mtunda umene ulipo pakati pa woimba ndi womvera.

Gulu lachiwiri ndi limene lili ndi phindu lalikulu kwa wophunzira zolemba. Izi ndi nyimbo zimene asilikali eni ake anapeka ali kunkhondo, ndipo njira yawo inali imodzi: kutenga chuni chodziwika ndi kuikamo mawu awo. Machuni ambiri anali a nyimbo za m'tchalitchi, chifukwa ndi zimene mnyamata aliyense wa ku Britain wa nthawi imeneyo ankazidziwa pamtima. Filimuyi ili ndi chithunzi cha mapemphero a asilikali asanapite kukamenya nkhondo. M'busa akutsogolera nyimbo ndi mawu ake enieni, koma m'mizere ya asilikali mukutuluka mawu ena, odzinyoza okha kuti ndi gulu losatha kumenya nkhondo, ndi olakalaka tsiku limene adzavule yunifolomu. Chimodzi mwa machuniwo ndi cha What a Friend We Have in Jesus, chimene ifenso timachidziwa m'matchalitchi mwathu.

Tifunse, n'chifukwa chiyani sanapeke machuni awoawo? Yankho losavuta ndi lakuti chuni chodziwika chimagwirika msanga pagulu. Koma pali zoposa pamenepo. Chuni chimanyamula tanthauzo la mawu ake akale ngakhale mawuwo atachotsedwa. Msilikali akamaimba za kutopa ndi nkhondo pa chuni cha nyimbo ya chitonthozo, womvera amamva nyimbo ziwiri nthawi imodzi: imene ikutuluka pakamwa ndi imene ili m'chikumbumtima. Tanthauzo lili pa mpata wa pakati pa ziwirizi. Komanso chunicho chimateteza woimba. Kapitawo ali patali amva nyimbo ya Mulungu ndipo sapeza mlandu, pamene mnzako ali pambali pako amva dandaulo. Iyi ndi ntchito yomwe zining'a zimagwira m'nyimbo za pamtondo, pamene mayi amadzudzula mwamuna kapena apongozi popanda wina womugwira pakamwa.

Kumapeto kwa filimu mlatho watsala wopanda anthu. Msilikali womaliza wa banja la a Smith wafa nkhondo itatsala pang'ono kutha, ndipo tikumuona akugona paudzu pamodzi ndi abale ake amene anafa kale, paphiri lina kunja kwa Brighton. Anthuwo akusanduka mitanda yoyera. Kamera ikukwera m'mwamba ndipo mitanda ikuchuluka mpaka kudzaza phiri lonse. Inali pafupifupi 16,000, ndipo inazikidwadi pansi umodziumodzi, poti makompyuta ochulukitsa zithunzi kunalibe. Pamwamba pa chithunzichi pakumveka mawu a amuna akuimba motsitsa pa chuni cha nyimbo yachikondi ya Jerome Kern ya 1914, They Didn't Believe Me. Mawu a asilikaliwo akunena kuti akadzafunsidwa kwawo za kuopsa kwa nkhondo sadzaulula. Kodi nyimboyi ili m'kati kapena kunja kwa nkhani? Oimbawo ndi ampangankhani, koma ndi akufa, ndipo amayi ovala zoyera amene akuyenda pakati pa mitandayo sakuwamva. Tikuwamva ndife tokha. Magawo awiri amene tinayamba nawo aja pano akulephera kugwira ntchito, ndipo ndikuganiza kuti ndi chifukwa chake chithunzichi chimakhudza mtima chotere.

Quadrophenia: nyimbo ngati chizindikiro cha gulu

Filimu yachitatu inayenda njira yobwerera m'mbuyo, chifukwa nyimbo ndi zimene zinayamba. Mu 1973 gulu la The Who linatulutsa chimbale chotchedwa Quadrophenia, chimene nyimbo zake zonse anapeka ndi Pete Townshend. Chimbalecho chimafotokoza za mnyamata wotchedwa Jimmy amene ali ndi mitima inayi, ndipo mtima uliwonse uli ndi kachuni kake koimira mmodzi mwa oimba anayi a gululi. Filimu anaijambula chakumapeto kwa 1978, patangopita masabata ochepa woimba ng'oma wa gululi, Keith Moon, atamwalira. Anaitsogolera ndi Franc Roddam, ndipo mbali ya Jimmy anasewera ndi Phil Daniels.

Nkhani ikuchitika mu 1964. Pa tchuthi cha mwezi wa May chaka chimenecho magulu awiri a achinyamata anamenyana pagombe la Brighton ndi m'matauni ena a kunyanja. Ma mod ankavala masuti osokedwa bwino, ankayenda pa tinjinga tamoto ta ku Italy ta Vespa ndi Lambretta, ndipo ankamwa mapiritsi owathandiza kuvina usiku wonse. Ma rocker ankavala majekete achikopa ndi kuyenda pa njinga zamoto zikuluzikulu. Nyuzipepala zinakuza kwambiri nkhaniyi, ndipo katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Stanley Cohen anadzalemba buku mu 1972, Folk Devils and Moral Panics, losonyeza momwe mawu a atolankhani ndi oweruza anasandutsira anyamatawa kukhala adani a dziko.

Roddam anakana kupanga filimu imene ampangankhani amasiya kulankhula ndi kuyamba kuimba. M'malo mwake anagawa nyimbo pawiri mosamala kwambiri. Za m'kati mwa nkhani ndi zimene achinyamata a zaka zimenezo ankavinadi, zambiri za ku America: James Brown, Booker T. and the M.G.'s, The Ronettes, The Kingsmen. Izi ndi nyimbo za gulu. Zimamveka m'malo ovinira ndi m'maphwando, ndipo ntchito yake ndi kusonyeza kuti uyu ndi wathu, uyo si wathu. Chitsanzo choseketsa chili koyambirira, ku London. Jimmy ali m'bafa ya m'nyumba yosambiramo anthu onse, ndipo m'chipinda choyandikana nacho munthu wina akuimba nyimbo ya Gene Vincent, ya mtundu wa ma rocker. Jimmy akuyankha ndi ya The Kinks, ndipo awiriwa akupikisana kukweza mawu, aliyense osamuona mnzake. Atasuzumirana akupeza kuti ndi mabwenzi a paubwana. Ali maliseche, opanda suti kapena jekete, chowalekanitsa chinali nyimbo yokha. Wophunzira za chilankhulo ndi chikhalidwe azindikira msanga kuti nyimbo pano ikugwira ntchito ya kalankhulidwe ka gulu, monga momwe achinyamata a m'tauni amadziwirana ndi mawu awo amene makolo sawamva.

Paphwando lina Jimmy akuchotsa chimbale cha nyimbo yofatsa imene anthu akuvina awiriawiri ndi kuikapo My Generation ya The Who, ndipo nyumba yonse ikuyamba kudumpha. Nyimboyi imadziwika ndi chibwibwi chimene woimba Roger Daltrey amachita dala, ngati mnyamata amene ali ndi zambiri zonena koma lilime likumukanika. Tingonena modutsa kuti nyimboyi inatuluka mu 1965, kotero Jimmy wa 1964 sakanatha kukhala nayo. Opanga filimu anasankha choonadi cha mtima kusiya cha kalendala.

Nyimbo za chimbale cha 1973 anaziika kunja kwa nkhani. Palibe mnzake wa Jimmy amene amazimva, ndipo zimabwera makamaka akakhala yekha. Zoimbira zake ndi za m'ma 1970, zolemera, zosafanana ndi za m'malo ovinira aja. Zili ngati mawu a munthu wamkulu amene akuyang'ana m'mbuyo pa unyamata wake, kapena mawu a mumtima amene Jimmy sangathe kuwatulutsa pakamwa. Kusiyanaku ndi kumene kumapanga ma Brighton awiri mufilimu imodzi. Pa ulendo woyamba tauni yadzaza, ma mod akuguba m'mphepete mwa nyanja akufuula dzina la gulu lawo, ndipo Jimmy akumangidwa pamodzi ndi Ace Face, mod wosiririka kuposa onse, yemwe mbali yake anasewera ndi woimba Sting. Kwa Jimmy awa ndi masiku abwino koposa m'moyo wake. Atabwerera ku London akuthamangitsidwa kunyumba, akusiya ntchito, mtsikana amene ankamufuna wapita ndi mnzake, ndipo kanjinga kake kaphwanyika. Akukwera sitima kubwerera ku Brighton, nyimbo ya 5:15 ikumuperekeza.

Ulendo wachiwiriwu gombe ndi lomwe lija, miyala ndi yomwe ija, koma khamu lapita ndipo nyimbo za gulu zatha. Zatsala za mumtima zokha. Jimmy akuyenda yekha m'mphepete mwa madzi, Love, Reign o'er Me ikumveka. Kenaka akuona kanjinga konyezimira ka Ace Face kataimikidwa panja pa Grand Hotel, ndipo mwini wake akutuluka atavala yunifolomu ya wonyamula katundu wa alendo, akuthamangira masutikesi a munthu wolemera. Jimmy akuba kanjingako ndi kupita nako ku Beachy Head, thanthwe loyera lotalika mamita 162 loyang'ana kunyanja pafupi ndi Eastbourne. Kanjinga kakugwera pansi pa miyala. Oonera ambiri amatsutsana ngati Jimmy anagwa nako, koma filimu inayankha kale: chithunzi chake choyamba chenicheni ndi cha Jimmy akuchoka pathanthwepo wapansi, dzuwa likulowa kumbuyo kwake, phokoso la mafunde likumveka.

Phokoso la mafundelo nalo lili ndi nkhani yake. Chimbale cha 1973 chimayamba ndi mkokomo wa nyanja, ndipo anthu ambiri amene anakula nacho amati akaumva amaona Brighton. Koma mafunde amenewo anawajambula pa gombe lina la ku Cornwall, kutali kumadzulo kwa England.

Zoterezi zinachitikanso ndi diso. Mu 2010 Rowan Joffé anapanganso Brighton Rock, ndipo anasamutsa nkhaniyo kuchoka m'zaka za m'ma 1930 kupita mu 1964, kuti Pinkie ayende pa kanjinga kamoto pakati pa ma mod a mtundu wa Jimmy. Anasunga chimbale chokandika chija. Koma mbali yaikulu ya filimuyi anaijambula ku Eastbourne, chifukwa Brighton weniweni anali atasintha kwambiri moti sankafanananso ndi wa 1964, ndipo mlatho wa ku Eastbourne ndi umene unaimira Palace Pier. Nawo West Pier, pamene Haig ankagulitsa matikiti a nkhondo, unatsekedwa mu 1975, mbali ina inagwa ndi namondwe mu 2002, ndipo unapsa kawiri mu 2003. Chatsala ndi zitsulo zakuda zoima m'madzi, zosalumikizananso ndi gombe.